Msewu wa Malawi Winayo

Kwa Msundudzi, Bembeke
9 Ogasiti

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tili moyo, kungoti kukuzizira moti ndikulemba nditafunda bulangeti. Ndine Kizito. Kalatayi ndapatsira a Harun oyendetsa lole, poti foni yanu tikaimba amangoyankha ndi mzungu wamkazi. Amayi andituma kuti ndikuuzeni za abambo, chifukwa inu ndinu mwini mbumba ndipo nkhaniyi yafika pamunda.

Mukuwakumbukira a Zikhalo Kamtedza a chipani cha Wilibala, aja anapikisana nawo pa upulezidenti ine ndili kumsana? Ndikudziwa simukuwakumbukira. Palibe amawakumbukira. Dzina lawo akuti linali pansi penipeni pa pepala lovotera, pamene pamagwira chala. Mwezi wathawu wailesi inalengeza kuti amwalira, pakati pa uthenga wa mbuzi yosowa ndi zotsatira za mpira. Abambo anazimitsa wailesi. Lamulungu tikuchokera ku Misa anangoti, "Kuno amwalira chifukwa kuchipatala kunalibe mankhwala. Uko ali moyo, ndipo anenepa."

Amayi anafunsa kuti uko n'kuti.

"Ku Malawi amene tikanakhala naye nkhumba ya apongozi ikanapanda kuthawa."

Nkhani yake ili motere. Tsiku la chisankho chija abambo analawira atavala chipewa cha Wilibala, chokhacho m'boma lonse la Dedza. Ali pakhomo kunabwera mwana ndi uthenga wa agogo aNangondo woti nkhumba yathyola khola, akamwini akaisake. Inu mukudziwa kuti mkamwini sayankhana ndi apongozi ake, ngakhale kuonana nawo maso. Abambo sakanatha kupita kukanena kuti dikirani ndikavote kaye. Anabweza mwana uja kuti akawapemphere, koma mwanayo anapeza anzake akusewera mpira m'njira. Nkhumba anaipeza kunkhalango ya paini dzuwa litalowa, kovotera atatseka.

Abambo akuti akanaima pamzere ndi chipewa chija, a Stefano oyandikana nafe akanawatsanzira, poti amawatsanzira ngakhale kametedwe. Anyamata a kwaya akanatsanzira a Stefano. Kwaya ikanakoka parishi, parishi ikanakoka Dedza, ndipo Dedza ali pathupi la dziko ngati mchombo: kumene waloza mchombo, munthu yense amapita komweko. Ndinayesa kuwerengetsa papepala, sizikutheka. Koma akamafotokoza iwo zimamveka.

Tsopano anthu akumadzaza pakhonde akaweruka kumunda kudzamva nkhani za uko. Akuti likulu la dziko lili konkuno ku Bembeke, chifukwa kuzizira sikulola nduna kugona pamsonkhano. Pulezidenti amayenda pawilibala yokankhidwa ndi nduna ya zachuma, kuti izidziwa kulemera kwa boma. Kwacha ndi yamphamvu kuposa randi, moti a ku Joni ndiwo amabwera kudzapempha ganyu yokumba kachewere. Inu amalume simunachoke, ndipo muli ndi mzungu wokutsukirani njinga.

Zonsezi tikanangoseka. Koma Lolemba abambo anatenga chingwe n'kukhoma zikhomo mbali ziwiri kudutsa pakati pa munda wa amayi, pamene pamabereka kachewere wamkulu. Akuti pamenepo pali msewu wopita kunyumba ya boma, ndipo munthu salima pamsewu. Amayi akuti mulembe, muwauze alamu anu azule zikhomozo nthawi yopanga mizere isanakwane. Ine ndikuwonjezera kuti musawapsere mtima. Samwa, samenya munthu, ndipo ntchito zina zonse akugwira.

Ngati muli ndi juzi imene simuvala, ine ndakula.

Mphwanu,
Kizito

*

Kwa Msundudzi
20 Ogasiti

Kwa alamu anga a Ephraim,

Ulemu ukhale kwa inu. Ndikhulupirira Ambuye akukusungani m'dziko la eni. Ndalemba ndi dzanja langa, osadzera mwa Kizito, chifukwa mwanayu masiku ano akumandiyang'ana ngati dokotala.

Ndati ndikudziwitseni kuti boma lidaganiza zoti msewu waukulu wa phula udutse pakati pa munda wa alongo anu. Ndi msewu woti magalimoto anayi nkuyenda mogundana mapewa, wa magetsi mbali zonse. Zikhomo zakhomedwa kale. Ine ndine mkamwini chabe, nthaka si yanga. Ndidadza ndi khasu, ndidzapita ndi khasu. N'chifukwa chake ndikupempha inu eni mbumba kuti muvomereze, kuti mawa pasadzamveke mawu akuti mlendo adagawa nthaka ya eni.

Alongo anu akukana. Akuti kachewere. Ndawauza kuti kachewere ali paliponse, koma msewu wotere umabwera kamodzi pa moyo wa mtundu wa anthu. Chakum'mawa kwatsala malo abwino, oyang'ana komwe magalimoto amachokera. Munthu wanzeru akhoza kuganizapo.

Za nkhumba ine ndidakhululuka. Dziko ndilo silidakhululuke.

Kalatayi ndapatsira mnyamata wa basi kuti ifulumire, poti za boma sizidikira lole.

Ine mlamu wanu,
Gerevazio

*

Joni
2 Seputembala

Alamu a Gerevazio, ndi iwe Jestina mlongo wanga,

Moni nonse kumeneko. Ine ndili bwino. Foni anandilanda anyamata pasiteshoni, koma mano anandisiyira.

Alamu, kalata yanu ndaiwerenga nditakhala, kenako ndaiwerenganso nditaimirira. Msewu! Ine ndakhala ndikunena kuti tsiku lina boma lidzatikumbukira. Ndavomera ndi manja awiri. Jestina, usatichititse manyazi pamaso pa boma ndi kachewere wakoyo. Unaonapo munthu atalemera ndi kulima kachewere? Amalemera ndi amene amam'kazinga m'mbali mwa msewu.

Malo a kum'mawawo musapatse munthu. Ndimangapo potsukira magalimoto, poti ntchito imeneyi ndaiphunzira kuno mpaka zala zanga zatuwa ngati za mtembo. Abwana ndawauza kale kuti apeze wina. Anandiseka, ine ndinawaseka kuposa. Lamulungu kumpingo wa Amalawi ndinaimirira n'kulengeza, anthu anaomba m'manja, ndipo bambo wina wa ku Ntcheu anachita nsanje poyera.

Ndatumiza paipi ya madzi yaitali. Muisunge pamwamba, makoswe amaikonda.

Za nkhumba sindinamve. Ngati yafa, idyeni.

Nanga Kizito bwanji salemba? Sukulu yonseyo, kalata imodzi osatha?

Wanu,
Ephraim

*

Kwa Msundudzi, Bembeke
16 Seputembala

Amalume,

Moni. Paipi yafika. Chonde, chonde, musasiye ntchito. Msewu kulibe. Boma limene abambo akunena si lomwe mukulidziwa inu. Ndinafotokoza zonse m'kalata ya mu Ogasiti, koma a Harun akuti lole inafa ku Tete, kalata ili m'jekete, ndipo jekete lili m'lole.

Kalata yanu abambo anaiwerenga pakhonde pamaso pa anthu onse. Amayi atati atsegule pakamwa, anthu anati, "Mwini mbumba wavomera ndi manja awiri, inu muli ndi angati?" Kuyambira tsiku limenelo zinthu zakula.

A Stefano adziika kukhala apolisi a pamsewu. Amavala masokosi oyera m'manja ndipo amaimitsa mbuzi. Azimayi ochokera kumjigo akafika pazikhomo amaima ndowa zili pamutu, amayang'ana uku ndi uku, kenako n'kuwoloka mothamanga madzi akutayika. Ana aletsedwa kusewera pakati. Nkhuku ina inafera pomwepo ndi chitopa, koma mudzi wonse ukuti yagundidwa, ndipo ena akuti anaiona galimoto yake, yofiira.

Dzulo pochokera kusukulu ndinapezeka kuti nanenso ndaima n'kuyang'ana mbali zonse. Panalibe wondiona. N'chifukwa chake zikundiopsa.

Anzathu ayamba kupanga mizere. Amayi amakhala pachulu khasu lili pamiyendo, kuyang'ana msewu. Akuti akazula okha zikhomo ndiye kuti anyoza amuna awo ndi achimwene awo tsiku limodzi.

Lembaninso msanga.

Kizito

*

Joni
5 Okutobala

Iwe Kizito,

Moni ndilibe. Makalata ako onse awiri afika tsiku limodzi, ina ikununkha dizilo. Ntchito ndinasiya kale. Panopa mnyamata wina akutsuka magalimoto ndi nsanza yanga. Kumpingo akunditcha a Phula. Wa ku Ntcheu uja akandiona amaliza hutala ndi pakamwa, n'kundipempha kuti ndipatuke.

Kalatayi uiwerenge pamaso pa amako ndi agogo ako, ndipo usadumphe mawu.

Mkamwini asamakule mwendo. Munthu tinam'patsa malo, tinam'patsa mlongo wathu, lero akuuza mudzi kuti dziko lonse likuvutika chifukwa cha nkhumba ya amayi anga? Ndiye kukwera kwa feteleza ndi ife? Kusowa kwa mafuta ndi ife? Ndipo ine wandisandutsa choseketsa m'dziko la eni, kumene munthu ulemu wako ndiwo bulangeti lako.

Ankhoswe ndawalembera. Pa Khirisimasi ndikubwera. Atenge khasu lake ndi bulangeti lake abwerere kwawo ku Lobi, akamange msewu m'munda wa amake. Kaya azula zikhomo kaya sazula, ine ndanena. Jestina asalire, amuna alipo ambiri okhala m'dziko limodzi. Iwe ndiwe wathu, utsala.

Paipi yanga muisunge.

Ephraim, mwini mbumba

*

Kwa Msundudzi, Bembeke
21 Okutobala

Okondedwa amalume,

Moni, ngakhale inu munati mulibe. Pepani kwambiri za ntchito.

Kalata ndinawerenga osadumpha mawu. Poti agogo analipo, abambo anamvera ali kuseri kwa nyumba. Agogo anati za nkhumbayo sakukumbuka. "Ndaweta nkhumba zambiri ine, ndipo zonse zinathawapo." Amayi anangoti, "Achimwene anena," n'kulowa m'nyumba. Mawa lake abambo anachapa bulangeti lawo n'kuliyanika pampanda, Khirisimasi idakali kutali chonchi.

Amalume, ku Lobi kulibe kwawo. Amayi awo anamwalira, ndipo munda anagawana ana a alongo awo. Mukuti ine nditsala. Kusukulu sindilankhula ndi anthu ambiri. Munthu amene ndimacheza naye ndi abambo, tikamalima mizere yoyandikana, ngakhale sitinena zambiri. Iwo akafika kumapeto amatembenuka n'kuyamba mzere wanga kuti tikumane pakati. Sindikudziwa ngati zimenezi zili ndi ntchito pamlandu, koma ndati muzidziwe.

Ndayesa njira ina. Kuwauza kuti Malawi winayo kulibe sikuthandiza, amangondimvera chisoni. Ndiye Lachinayi ndinawafunsa kuti a Kamtedza alamulira zaka zingati uko. Anati kuyambira ine ndili kumsana. Ndinati kusukulu taphunzira kuti malamulo aakulu a dziko salola munthu kupitirira maulendo awiri.

"Anthu adawapempha," anatero.

"Ndiye kuti uko kulibe chisankho?"

Anasiya kusema mpini n'kundiyang'ana. "Usanene choncho. A Kamtedza si akuba mpando."

Tsiku lotsatira analengeza pakhonde kuti chisankho chichitika Loweruka loyamba la Novembala. Ine andiika kukhala wapampando woyendetsa chisankho, chifukwa zaka zovotera sindinakwanitse, komanso akuti ndilibe anzanga oti ndingawakondere. Sananene monyoza.

Vuto linali lopeza wopikisana nawo. Palibe amafuna kulimbana ndi munthu amene anatsitsa feteleza mpaka kumam'gulitsa pa mtengo wa mchere. Anthu akukankhirana pakhonde, amayi anatuluka m'khitchini akumanga chitenje, nati, "Ndiima ine." Chizindikiro chawo ndi khasu. Mfundo ali nayo imodzi: msewu uchoke, mizere ibwere. Abambo akukopa anthu m'malo mwa a Kamtedza, amene akuti ali paulendo wa boma kunja. Masana amanyozana pamisonkhano, madzulo amayi amawapatsa madzi osamba.

Zikhomo zikazulidwa mwina mtima wanu udzatsika. Chonde dikirani.

Mphwanu,
Kizito

*

Kwa Msundudzi, Bembeke
10 Novembala

Amalume,

Moni. Chisankho chachitika. Ndilemba monga ndinaonera.

Tinaimika mphasa ziwiri pansi pa mtengo wa mapichesi. Kuseri kwake tinaika madengu awiri ovundikira ndi ziguduli, lina lomangirira kawilibala ka waya, lina khasu. Aliyense ndimam'patsa kachewere mmodzi kuti akaponye kumene akufuna, potuluka ndim'pake jivi, mankhwala a pazilonda aja, pachala. Malamulo analemba ndi abambo ndipo anandilumbiritsa nditagwira mikanda ya korona. Belu la madzulo la kuparishi likatha kulira, ndatseka. Mbali ziwiri zikalingana, wapampando ndiye adula.

Chinsinsi cha voti m'mudzi muno n'chovuta. Mphasa sizinafike pansi, ndiye mapazi amaoneka, ndipo aliyense amadziwa mapazi a mnzake. Pofika masana ngakhale ana ankadziwa kuti zikulingana. Azibambo ndi anyamata a kwaya anali kwa a Kamtedza. Azimayi anali kwa amayi, kupatula agogo, amene anavotera wilibala chifukwa akuti msewu ubweretsa ogula nkhumba. Anatsala munthu mmodzi.

Abambo anali kuseri kwa nkhokwe kuyambira m'mawa. Agogo anafika oyamba, ndipo atavota sanachoke. Anayala chiguduli pakhomo penipeni pa mphasa n'kuyamba kupeta nyemba. Abambo sakanadutsa pamaso pawo. Ndimangoona chipewa cha Wilibala chikusuzumira pambali pa nkhokwe, n'kubwereranso.

A Stefano anapita kukawauza agogo kuti aima pamalo oletsedwa. Agogo anati, "Iwe Stefano, vula masokosi m'manjamo ukalankhula ndi ine. Ndinakuona ukukwawa." A Stefano anavula.

Ine sindinayese kuwachotsa. Ndinkafuna belu lilire. Likanalira abambo asanavote, ndikanadula ine, ndipo aliyense ankadziwa kumene ndikanadulira. Amayi nawonso ankadziwa. Anali atakhala pamtondo, akuyang'ana dzuwa, kenako nkhokwe, kenako dzuwa.

Mithunzi itatalika amayi anaimirira ngati akupita kuchimbudzi, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba ya agogo. Posapita nthawi nkhumba yaikulu ya agogo inatulukira ikulira, n'kudutsa pakati pa anthu kulowera kudambo.

Agogo anadzambatuka, nyemba zonse pansi. "Mayo, nkhumba yanga! Iwe mwana, thamanga, kawauze akamwini!"

Mwanayo analiyatsa liwiro kulunjika kunkhokwe. Amayi anam'gwira mkono ali m'malere.

"Akamwini ali pamzere," anatero mokweza. "Nkhumba tithamangitsa ife. Tiyeni amayi."

Agogo ananyamuka akutukwana, ana onse pambuyo pawo. Abambo anatuluka kuseri kwa nkhokwe atafota ngati munthu wochokera kuchipatala. Kachewere analandira ndi manja awiri. Analowa.

Tonse tinayang'ana pansi pa mphasa. Nsapato zawo za matayala zinapita molunjika padengu la wilibala n'kuima. Zinaima nthawi yaitali. Belu linayamba kulira. Chala chachikulu cha phazi lamanja chinkakanda dothi. Kenako mapazi aja anasunthira kumanzere pang'onopang'ono, ngati akuwoloka pamtengo. Tinamva kuti di.

Potuluka anatambasula chala kuti ndiwapake jivi.

Amayi anapambana ndi kachewere mmodzi. A Stefano anakuwa kuti zaberedwa ndipo apita kukhoti. Abambo anati, "Voti ndi yachinsinsi," ngakhale panalibe anawafunsa. Anavula chipewa n'kulengeza m'malo mwa a Kamtedza kuti avomereza zotsatira, ndipo apita kumudzi kwawo kukapuma. Atamva mawu akuti kukapuma, anthu ena anavula zipewa zawo.

Amayi anabwerako kudambo ali matope mpaka m'mawondo, akukoka nkhumba ndi chingwe. Anawauza kuti apambana. Iwo anayang'ana abambo, abambo anayang'ana nkhumba.

Chikhomo choyamba anazula ndi abambo. Mizere tayamba mochedwa, ndipo chakumalire mvula yayamba kugunda. Amalume, kodi mawu anu aja akadalipo? Bulangeti lija abambo analipinda, lili pampando pafupi ndi chitseko.

Kizito

*

Nyumba ya Boma, kwa Msundudzi
18 Novembala

Achimwene,

Akulemba ndi Kizito koma mawu ndi anga, Jestina. Muli bwanji kumeneko? Ine ndili bwino, boma likuyenda.

Moyo wanga wonse inu mukanena ndimati inde, amayi akanena ndimati inde. Kwa Msundudzi ndinu mwini mbumba, sindikutsutsa. Koma munda uja munaupereka nokha ndi manja awiri ku boma la uko, anthu onse anamva. Ndipo uko anthu asankha ine.

Ndiye mverani. Mwamuna wa Pulezidenti sapirikitsidwa ngati galu wakuba mazira. Komanso panopa ndiye mtsogoleri wotsutsa boma, ndipo Kizito akuti dziko lopanda wotsutsa limaola. Akapita ku Lobi wina ndim'peza kuti? A Stefano sangathe, amangovomera zilizonse.

Inuyo ndakusankhani kukhala kazembe wathu ku Joni. Ntchito yake ndi kukhala komweko, kutinenera zabwino, ndi kusalowerera nkhani za m'nyumba ya boma. Ankhoswe ndawaitana kale ndipo ndawauza. Mmodzi anaseka, winayo wapempha unduna wa zamasewera.

Paipi yanu boma latenga, ikuthirira kudimba.

Za ntchito yanu zandiwawa, achimwene, ndipo alamu anu zawawawa kuposa ine. Sadzakuuzani. Thumba loyamba la kachewere akuti ndi lanu, adzalisenza okha mpaka kwa a Harun.

Chidindo chili pansichi ndasema ndekha pa kachewere. Mukachiyang'ana bwino ndi khasu.

Ine mlongo wanu,
Jestina, Pulezidenti

*

Ofesi ya Kazembe, Joni
3 Disembala

Olemekezeka a Pulezidenti,

Jestina, unayamba liti kulankhula chonchi? Kalata yako ndinaiwerenga ndili wokwiya. Ndinakonza zoti ndiing'ambe pamaso pa anthu kumpingo kuti aone mmene kwathu kwapengera. Wa ku Ntcheu uja anailanda, anayang'ana chidindo nthawi yaitali, n'kufunsa ngati kazembe safuna wachiwiri. Hutala wasiya.

Ndapeza potsukira pena, malipiro ndi ochepa koma madzi ndi ofunda. Pa Khirisimasi sindibwera, kazembe sachoka paofesi nthawi ya zikondwerero. Alamu uwauze atambasule bulangeti lawo, kumeneko kumazizira. Koma asandilemberenso kalata.

Funso limodzi. Kodi apolisi a kuno akandiimitsa n'kufunsa mapepala, chidindochi ndingawaonetse? Kizito afufuze m'mabuku.

Juzi ndatumiza.

Kazembe wanu,
Ephraim

*

Kwa Msundudzi, Bembeke
19 Disembala

Okondedwa amalume,

Moni. Juzi yafika, zikomo, manja ndapinda kawiri. Chidindo chija musawaonetse apolisi.

Kachewere wamera. Abambo alipo. Kalata yanu itawerengedwa anatenga bulangeti pampando n'kukaliyala pabedi, kenako anatuluka kukadzudzula boma chifukwa cha denga la khitchini.

Ine ndinkaganiza kuti chisankho chitseka dziko lija. Changosintha boma. M'mawa uliwonse abambo amanena kuti mizere ya boma lino ndi yokhota, amayi amayankha kuti boma lamva, n'kuwapatsa khasu. Agogo ndi nduna ya ziweto. Poti sangayankhane ndi mtsogoleri wotsutsa, mafunso onse a m'nyumba ya malamulo amadzera mwa mwana, ndipo mwanayo akapeza mpira m'njira nyumba imaimitsidwa. Kwaya yapeka nyimbo ya fuko. Ngakhale a Harun apempha chiphaso chodutsira.

Ine ndekha sandilola kulowa m'dzikolo. Amayi akuti woyendetsa chisankho ayenera kukhala wakunja kuti asakondere. Ndiye m'nyumba monse muno wa Malawi uno ndatsala ndekha. Ndimadya nawo ngati mlendo wa boma, m'mawa n'kupita kusukulu kukaphunzira mayina a atsogoleri ena.

Dzulo tikupalira, abambo anatembenukira mumzere wanga monga amachitira. Titakumana pakati anayang'ana uku ndi uku kuti amayi asamve, n'kufunsa chapansipansi, "Kizito, kwanuko feteleza ali pa bwanji masiku ano?"

Ndinawauza.

Anatsamira mpini kanthawi. Kenako anandigwira dzanja ndi manja awiri monga timachitira pamaliro, nati, "Pepani. Limbani mtima."

Tinayamba mzere wina.

Mphwanu,
Kizito